Milungu ya Pachulu ya Che Bakari

Kwa amene anakulira cha ku Ntaja zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba, dzina la Che Bakari silachilendo. Anali wochinja. Mbuzi, nkhuku, nthawi zina ng'ombe ya sadaka, zonse zinkadutsa pa mpeni wawo. Ntchito imeneyi musaione kuchepa. Msilamu sadya nyama pokhapokha itachinjidwa ndi Msilamu mnzake wa chikhulupiriro chowongoka, amene amayang'anitsa chiweto ku Chibula, mbali ya ku Maka, n'kutchula dzina la Mulungu mpeni usanakhudze khosi. Ikaphedwa mwanjira ina, nyamayo ndi chibudu, yoyenera agalu. Ndiye m'mudzi ngati wawo, momwe Asilamu ndi Akhristu ankabwerekana makasu ndi mchere, ngakhale Mkatolika akafuna kuti anansi ake adzadye nawo ankakoka mbuzi yake kupita nayo kwa Che Bakari. Dzanja lawo ndi limene linkachititsa kuti mudzi wonse udyere pamodzi.

Anali munthu wamfupi, wamatewe, wa tindevu tochepa timene ankatisamala ngati nazale ya mpunga. Swala, mapemphero a Chisilamu, sankaphonya. Mowa ayi, fodya ayi, za akazi a eni ayi. Chilema chawo chinali chimodzi chokha, koma chinali chachikulu ndithu: anali ndi dziko lawolawo kuseri kwa nyumba.

Anabadwira ku Ngokwe n'kukulira kubusa m'madambo a ku Chiuta, kumene nyanja imabwera ndi kupita mosatsanzika. Ana onse akubusa amaumba ng'ombe zadothi, zimenezo n'zosadabwitsa. Koma anzake akamaliza kumenyanitsa ng'ombe zawo n'kuzitaya padzuwa, Bakari ankatsalira ndi mafunso opanda mutu. Ng'ombe zimenezi zimamwa kuti? Dambo lake analipanga ndani? Nanga wolipangayo anakwatira kwa yani? Anzake ankamusiya akulankhula yekha, mbuzi zili m'munda wa eni.

Atakula analembetsa ku Wenela n'kupita ku Joni kukakumba m'migodi. Kukomponi, tsiku lopuma, anzawo ankapita kumowa. Iwo ankakhala m'mbali mwa khoma ndi msomali m'manja, akujambula pansi dambo la kwawo, chifukwa kupukwa kunkawadya mtima. Mafunso akubusa aja anawapezera mayankho kumeneko. Pamene njira ya ku Joni inatsekedwa, ena anabwerako ndi njinga ndi mawayilesi. Che Bakari anabwerako ndi bulangete limodzi, chifuwa chokhosomola, ndi masewera amphumphu m'mutu. Anakwatira a Kulusumu n'kukhala mkamwini kwawo kwa mkazi kufupi ndi Ntaja, ndipo amalume a mkaziyo ndi amene anawaphunzitsa mpeni n'kuwasiyira ntchito maso atafooka.

Chiyambi cha dziko lawolo ankachikamba ndi nkhope yosaseka. Poyamba, ankatero, kunalibe kanthu koma bwalo losesedwa bwino. Pabwalopo pankakhala atatu. Panali Abiti Mesi, amene ankasunga madzi onse mumtsuko umodzi. Panali mwamuna wake Che Litaka, mwini dothi, mkamwini waulesi wosadziwa kugwira khasu. Ndiye panali mlongo wake wa mkaziyo, Che Mbungo, mwini mphepo, amene mlamu wakeyo sankafuna n'kumuona komwe. Tsiku lina Che Mbungo anabwera mwaphuma kudzathamangitsa mlamuyo, n'kugunda mtsuko uli pamutu pa mlongo wake. Mtsuko unasweka, madzi anathawa, ndiyo nyanja. Che Litaka anagwa chagada ndi mantha osadzukanso, ndiwo mtunda. Anthu sanalengedwe dala ayi. Anangotuluka okha m'ming'alu matope atauma, ngati milamba, ndipo eni bwalowo anadabwa kuwaona. Kuyambira pamenepo atatuwo amangolimbirana anthuwo, wina awamize, wina awabise, wina awauluze. Zamawa sadziwa. Amaiwala, amanama, amapunthwa pa mizu.

"Yangayi ndi milungu yopusa," ankatero Che Bakari monyadira. "Ikanakhala yanzeru masewera bwenzi akutha msanga."

Masewerawo anali pansi, pa kabwalo kokumbidwa tinjira ndi timaenje, pakati pake dzenje lothiramo madzi limene linali nyanja. Anthu ake anali nandolo ndi nthanga za maungu. Milunguyo inali tizidole tadothi la pachulu, totalika ngati chala, tokhala ndi maso ndi mphuno. Wosewera aliyense ankatenga kamodzi, n'kumaponya zitsekerero za mabotolo kuti aone ngati nyanja ikukwera kapena ikuphwa. Wofikitsa anthu ake kumtunda asanamizidwe ndiye wadya mnzake. Poti ankasewera madzulo okha, ntchito zitatha, masewera amodzi ankatha kukoka mpaka mwezi. Mnzawo wosewera naye anali mmodzi yekha, a Goliati, Mkatolika wolima thonje wa nyumba yoyandikana nayo, munthu wamtali amene kuluza ankadana nako kuposa mbozi za m'munda mwake.

Wina angafunse kuti bwanji sankasewera pakhonde ngati anthu a bawo. Masiku amenewo amuna mukakhala pamsewu n'kumaloza mizere yojambulidwa pansi, mawa lake munkapezeka kwa wapampando wa nthambi ya chipani mukufotokoza kuti mizereyo ndi misewu ya kuti. Choncho anabisa dziko lawo kuseri, pansi pa mtengo wa mango. Kupusa kwake kunali kwakuti pansi pa mtengo womwewo ndi pamene ankachinjira nkhuku za anthu. Chiweto akachiyang'anitsa ku Chibula monga lamulo linenera, khosi lake linkaloza kumunsi, kumene kunali kabwalo kaja. Zaka zambiri panalibe vuto. Koma chaka china mvula inakumba kangalande kakang'ono kuchokera pochinjira kukafika kunyanja yamasewerayo, ndipo mwini wake, amene ankadziwa njira iliyonse ya m'dziko lake, kangalande kameneka sanakalabadire.

Tsiku lina kunabwera a Nafisa, mayi wa kutsidya kwa msewu, atapanira tambala m'khwapa. Che Bakari anachita zonse mwadongosolo, natchula dzina la Mulungu, mpeni n'kudutsa. Magazi anayenda pang'onopang'ono m'kangalande kaja mpaka kukagwera m'dzenje, pamene tizidole titatu tinaima m'mbali titayang'ana momwemo.

"Nanga izi, Che Bakari?" anafunsa a Nafisa, maso ali gwa.

Apa munthu wanzeru akanafotokoza. Koma pakamwa pa Che Bakari pankathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

"Asiyeni amweko, mayi. Agwira ntchito yaikulu sabata ino."

A Nafisa sanaseke. Anatenga tambala wawo chogwira ndi zala ziwiri, ndipo anthu ena amati kunyumba sanafike naye. Nkhani inayamba pamjigo, n'kukagona kuchigayo, ndipo pofika kumsika inali itanenepa. Akuti Che Bakari ali ndi mafano ochokera ku Joni, amawamwetsa magazi a ziweto za anthu, ndipo amawadziwa ndi mayina omwe. A Kulusumu anaimva n'kuwauza amuna awo misozi ili m'maso. Iwo anangoseka n'kunena kuti zitha zokha. Zinthu zotere sizitha zokha, ndipo mkazi wawo ankadziwa.

Loweruka lake unali ukwati wa Modester, mwana wa a Goliati, amene ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Balaka. M'mawa Che Bakari anachinja mbuzi zonse za ukwatiwo, zimene a Goliati anaziweta zaka ndithu poyembekezera tsikuli. Akuchimuna anabwera pa lole akuimba, mwambo wa kutchalitchi unatha bwino, mpunga ndi nyama zinapsa. Atsikana anayala mbale pamikeka. Mbali ya Akhristu anthu anasamba m'manja n'kuyambapo. Mbali ya Asilamu, imene inali theka la mudzi, beseni la madzi linazungulira n'kubwerera lili loyera. Palibe anakana ndi mawu. Ankangoyang'ana kumwamba, wina kukonza chisoti, wina kufunsa mnzake za mtengo wa thonje.

Che Bakari anaima pafupi ndi khola, ndipo kuseka kunawathera. Tsopano anaona bwinobwino chimene chinali patsogolo pawo. Akagamulidwa kuti amaphatikiza Mulungu ndi zinthu zina, mbuzi zonsezi ndi chibudu, ndipo mnzawo achita manyazi pamaso pa apongozi ake. Mpeni wawo ukhala watha, palibe adzabweretsenso ngakhale nkhunda. Anthu ayamba kukumbukira sadaka zonse zimene anadya nyama ya dzanja lawo. Ndipo mkamwini wopanda ntchito, wodetsa mbumba ya eni, alamu ake sachedwa kumuonetsa njira ya kwawo. Anachita mantha enieni.

Kenako kunatulukira Shehe Hassani akukankha njinga yawo. Anali nkhalamba yowonda, telala wa pakhonde la sitolo ina ku Ntaja, munthu wosafulumira pa chilichonse. Anatsamiritsa njinga pamtengo, napereka moni kwa eni ukwati, n'kulunjika kukhola.

"Salamu aleikumu, Che Bakari."

"Aleikumu salamu, Ashehe."

"Ndamva muli ndi alendo kuseri kwanu. Tiyeni tikawaone."

Ukwati wonse unanyamuka kuwatsatira, ngakhale a ku Balaka amene sankadziwa kuti nkhani ndi yotani. Anthu anadzaza kuseri mpaka kuponda mbatata za a Kulusumu. Ashehe ananjuta pambali pa kabwaloko n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu ndani?"

"Abiti Mesi, Ashehe. Mwini madzi."

"Anamulenga ndani?"

"Ine ndemwe. Dothi la pachulu icho. Mphunoyo inandivuta, n'chifukwa yapindika."

"Mumamupempha chiyani?"

"Iyayi, Ashehe, ndimupemphe chiyani? Chinthu choti nkhuku ikangodutsa chagwa?"

Ena anaseka, koma Ashehe sanaseke. Anafunsa za magazi. Che Bakari anawaonetsa pochinjira, ndipo nkhalambayo inagwada pamalopo, niyang'ana mbali ya Chibula, n'kuitanitsa chikho cha madzi. Anathira pansi, ndipo madziwo anatsata kangalande kaja mpaka m'dzenje anthu onse akuona. Ashehe anagwedeza mutu n'kudzuka akugwira m'chiuno.

"Madziwa afotokoza za magazi," anatero. "Za mtima wanu sanafotokoze. Pakamwa panu pananena kuti amwe."

"Kunali kucheza, Ashehe."

"Ngati kunali kucheza, zipondeni. Zonse zitatu, ife tikuona."

Chinthu chapafupi ngati chimenecho! Che Bakari anakweza phazi. Ndipo phazilo linaima m'malere.

Anthu sankadziwa, koma dzinja lonse a Goliati anali akuwadya motsatizana, n'kumayenda m'mudzi akuimba mluzu. Masewera amene anali pansiwo anayamba nthawi yokolola thonje, ndipo koyamba m'miyezi yambiri anthu a Che Litaka, mulungu wa Che Bakari, anali pakhomo penipeni pa mtunda. Che Mbungo wa a Goliati anali atazingwa pakona. Kunangotsala kuponya kamodzi. Mutu unkawauza kuti ponda, munthu iwe, moyo wako uli pamenepa. Koma maso anali pa nandolo zija zitandandalika bwino, ndipo phazi linakana kutsika.

"Mwaona?" anatero wina kumbuyo. "Akulephera."

Kung'ung'udza kunayenda m'gulu monse. A Nafisa anagwira pakamwa. Thukuta linatsika m'tindevu ta Che Bakari, ataima ndi mwendo umodzi, manyazi atawagwira mpaka m'makutu.

"Ashehe," anatero ndi timawu tating'ono, "kungoti sitinamalize."

"Simunamalize chiyani, bambo a Sofia?" anakuwa a Kulusumu, amene chikhalire anali asanakwezepo mawu pagulu. "Mukumaliza ifeyo!"

Munthu mmodzi yekha pabwalopo ndi amene anamva chimene chikuchitika. A Goliati anakankha anthu n'kufika kutsogolo, jekete la ukwati lili lothina m'mapewa. Anayang'ana pansi, naona mmene zinthu zinalili, ndipo nkhope yawo inachita ngati atafuna tsabola. Kuvomera kuluza kunali kowawa kwa iwo ngakhale tsiku limenelo. Koma anameza.

"Achimwene, mwandidya. Ndavomera."

"Mwavomera ndi mtima wonse?" anafunsa Che Bakari, mwendo ukadali m'malere. "Simudzanena mawa kuti mukanaponya bwino..."

"Ndavomera pamaso pa anthu onsewa, ndi apongozi anga omwe! Mwandidya! Pondani, mbuzi zanga zikuzizira!"

Phazi linatsika nthawi yomweyo. Linayamba ndi Che Mbungo, ndipo linamuponda mokoma, chidendene chikupotokola. Linapita pa Abiti Mesi, n'kumalizira Che Litaka wawo yemwe, mpaka onse atatu anasanduka fumbi. Che Bakari anali akumwetulira mano onse kunja.

"Timatero nthawi zonse, Ashehe," anafotokoza a Goliati akupuma mwabefu. "Masewera akatha timaziponda zonse, fumbi lake n'kukhala mapiri a dziko lotsatira. Kenako amaumba zina. Kungoti bambowa sangaponde asanamve kuti apambana."

Ashehe anayang'ana fumbilo, nayang'ana nkhope yosangalala ya Che Bakari, n'kupukusa mutu ngati telala amene wapatsidwa nsalu yosakwana.

"Munthu wopembedza chinthu sachiponda akuseka chonchi," anatero. "Koma tamverani, Che Bakari. Mukumbe dzenje la magazi lero lomwe. Zoseweretsa zanuzi zipite kutali ndi mpeni. Mukaumbanso musaike maso ndi mphuno, ndipo dzina lakuti mulungu muzisiyire Mwini wake. Pakamwa panupo muzipamanga. Ndinu munthu wamkulu, muli ndi ana."

"Ndamva, Ashehe. Ndamva ndithu."

Za nyama Ashehe sananene kanthu. Anangotembenuka n'kuyamba kubwerera kuukwati ndi kayendedwe kawo kochedwa kaja, gulu lonse lili pambuyo. Che Bakari chimwemwe cha kupambana chinawathera panjira. Kudzudzulidwa anadzudzulidwa, koma mawu akuti dzanja lawo ndi loyera anali asanawamve, ndipo mantha anabwereranso.

Ashehe anakhala pamkeka, napinda miyendo, nakonza mkanjo. Anakodola mtsikana wa beseni. Anasamba m'manja mosafulumira, chala chilichonse pachokha. Bwalo lonse linali zii, ngakhale ng'oma za a ku Balaka zinaleka. Anatambasula dzanja, nadutsa mpunga, n'kutola nthuli ya nyama.

"Bismillah."

Anatafuna nthawi yaitali, poti mano anali ochepa, ndipo anthu onse ankatafuna nawo ndi maso. Atameza anayang'ana a Goliati.

"Yazizira," anatero, n'kutolanso ina.

Beseni linayamba kulimbiranidwa. Akazi analuluta, ng'oma zinayambiranso, ndipo a Goliati anavula jekete lija n'kuyamba kukalipira atsikana kuti awonjezere msuzi. Che Bakari anangokhala pansi pomwe anaimapo, m'fumbi, pafupi ndi khola. Mtima unatsika mpaka anamva ngati agona tulo. Anaphimba nkhope ndi chisoti, mapewa akugwedezeka, osadziwa ngati akuseka kapena akulira. A Kulusumu anabwera ndi chikho cha madzi n'kuwapatsa, nkhope ikadali yokwiya, koma anakhala pansi pambali pawo.

Ali chikhalire choncho, mkulu wina wa mumzikiti anakuwa kuchokera pamkeka, mafuta akutsika m'chigongono, pakamwa podzaza nyama.

"Che Bakari! Lachinayi kwathu kuli sadaka ya amayi. Mbuziyo ndi yolimba khosi, munole mpeni bwino!"